Malawi a Sandia D, E ndi F: momwe ntchito ikuyendera

Januwale

Chomwe tikufuna chaka chino ndi kudziwa ngati modelo ya pa kompyuta yomwe tikumanga ingalosere molondola lawi la methane loyaka mu turbulence, kayendedwe ka mpweya kosokonezeka kodzaza ndi akamvuluvulu, makamaka pamalo pomwe lawilo limazima pang'ono n'kuyakanso. Pambali pa kafukufukuyu ndikuphunzitsa fluid mechanics kwa a chaka chachitatu komanso kayakidwe ka moto kwa a digiri yachiwiri, ndipo ndaganiza kuti zonsezi ziziyendera limodzi. Chomwe chatuluka pa kompyuta chizifika m'kalasi chikadali chachiwisi, ndi mavuto ake omwe.

Tagwirizana kugwiritsa ntchito malawi atatu a labotale ya ku America ya Sandia, otchedwa D, E ndi F, chifukwa ndi ena mwa malawi omwe anayezedwa mosamala kwambiri. Robert Barlow ndi Jonathan Frank anawayeza ku Combustion Research Facility ku Livermore, California, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1998. Ankawomba laser pakadontho kamodzi m'lawi n'kuwerenga nthawi yomweyo kutentha ndi kuchuluka kwa mipweya ikuluikulu pogwiritsa ntchito njira za Raman ndi Rayleigh, zomwe zimaona momwe mpweya ukumwazira kuwala kwa laser, ndipo mamolekyu a OH ndi NO ankawayeza ndi LIF, njira yomwe laser imachititsa mamolekyuwo kuwala. Liwiro la mpweya linayezedwa padera ku Darmstadt ku Germany, ndipo kapangidwe ka burner yake kanachokera ku University of Sydney.

Paipi yapakati ndi ya mamilimita 7.2 m'kati mwake. Imatulutsa chisakanizo cha magawo 25 pa 100 a methane ndi 75 a mpweya wamba. Mpweyawo anausakaniza dala kuti mwaye uchepe, poti mwaye umasokoneza kuyeza kwa laser. Komabe methane ndi wochuluka kwambiri moti chisakanizocho sichingayake chokha, chimadikira kukumana ndi okosijeni wakunja. Mozungulira paipiyo pali pilot ya mamilimita 18.2, timalawi ting'onoting'ono totulutsa mpweya wotentha pafupifupi 1880 K (madigiri a Kelvin), ntchito yake kugwira lawi lalikulu kuti lisachoke pakamwa pa paipi. Kunja kwa zonsezi kukuyenda mpweya pang'onopang'ono, mamita 0.9 pa sekondi. Lawi D limatuluka pa mamita 49.6 pa sekondi, nambala ya Reynolds 22,400; nambalayi imakula liwiro likamakula, ndipo ikakula turbulence imakulanso mphamvu. Ya E ndi 33,600, ya F ndi 44,800. Burner ndi yomweyo, gasi ndi yemweyo, chomwe chikukwera ndi liwiro. D imayaka pafupifupi paliponse, E imazimazima, F yatsala pang'ono kuzimiratu. Modelo yomwe ingalosere onse atatu osaisintha makonstanti ndiyo tikufuna.

Febuluwale

Lamulo lomwe ndapatsa gulu mwezi uno ndi lakuti palibe woyatsa chemistry mu modelo mpaka kasakanikidwe ka gasi ndi mpweya katalondola. Ophunzira amafuna kuona moto msanga, ndipo ndimawamvetsa, koma jeti, mpweya wotuluka m'paipi yapakati, ikamatambasuka mofulumira kuposa momwe iyenera, lawi limafupika, kutentha kumafika pachimake pamalo olakwika, ndiye munthu amayamba kuimba mlandu ma reaction omwe alibe chifukwa.

Tayamba ndi RANS, njira yowerenga avereji yokha ya kayendedwe ka mpweya, mu pulogalamu ya OpenFOAM, pogwiritsa ntchito modelo ya turbulence ya k-epsilon ndi makonstanti ake odziwika a Launder ndi Spalding a 1974: 0.09, 1.44 ndi 1.92. Monga momwe tinkayembekezera, jeti yatambasuka mopitirira. Ili ndi vuto lakale la modeloyi: makonstantiwo amagwira bwino pa jeti yotuluka pampata wautali wopyapyala, koma pa jeti yozungulira amakokomeza katambasukidwe. Stephen Pope anapereka njira yokonzera zimenezi mu 1978; ambiri amangokweza 1.44 uja kufika cha pa 1.6. Ife tatsata njira yachiwiriyi ndipo liwiro la pakati pa jeti layandikira zomwe zinayezedwa ku Darmstadt. Ndauza wophunzira yemwe akuyendetsa gawoli kuti alembe poyera mu lipoti kuti nambalayi taisankha ife titaona deta. Wowerenga ali ndi ufulu wodziwa kusiyana kwa chomwe modelo yalosera ndi chomwe taiuza.

Polowera gasi pafunanso chidwi. Mpweya ukamatuluka m'paipi yaitali umakhala kale ndi turbulence yake, liwiro lalikulu pakati, laling'ono m'mbali. Tayendetsa paipiyo payokha kaye n'kutenga zotuluka zake ngati polowera pa lawi.

M'kalasi ya chaka chachitatu tafika pa zomwe Osborne Reynolds anachita ku Manchester mu 1883: madzi m'paipi yagalasi, kamzere ka utoto pakati. Liwiro likakhala lochepa kamzereko kamayenda kowongoka. Likakwera kamayamba kugwedera kenako n'kumwazikira m'madzi monse. Tachita zomwezo mu labotale, ndipo ophunzira anawerengera okha kuti kusinthako kwayamba nambala ya Reynolds itadutsa cha pa 2,000. Sabata yotsatira ndinawatengera pa bolodi. Tinatenga ma equation a Navier ndi Stokes, omwe amafotokoza kayendedwe ka madzi ndi mpweya, tinagawa liwiro pawiri, avereji yake ndi kagwedegwede kozungulira averejiyo, monga anachitira Reynolds mwini mu 1895, n'kutenga avereji ya zonse. Mbali zambiri zimayera bwinobwino, koma pamatsala imodzi yomwe siichoka: avereji ya kagwedegwede kochulukitsidwa ndi kanzake. Zosadziwika zachuluka kuposa ma equation. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangolemba equation ina ya mbali yatsalayo?" Ndinamuuza kuti ayese. Anabwera nayo, ndipo m'kati mwake munali zosadziwika zatsopano za magwedegwede atatu ochulukitsana. Anaona yekha kuti njirayo ilibe mathero, ndi kuti modelo iliyonse ya turbulence ndi malo omwe munthu wasankha kuima n'kuyerekeza zotsalazo. Phunziro limeneli ndimalikonda kuposa ena onse a kosiyi.

Malichi

Tsopano chemistry. Tikugwiritsa ntchito GRI-Mech 3.0, ndandanda ya ma reaction a kuyaka kwa methane, yomwe ili ndi mitundu 53 ya mamolekyu ndi ma reaction 325, kudzera mu pulogalamu ya Cantera. Tisanaikhulupirire tayesa zinthu ziwiri zomwe mayankho ake ndi odziwika. Methane wosakanizidwa ndi mpweya pamuyeso woyenerera ayenera kufika pafupifupi 2225 K ngati kutentha sikukutayika, ndipo lawi lake lopanda turbulence liyenera kuyenda masentimita 37 kapena 38 pa sekondi. Zonse ziwiri zatuluka.

Funso lomwe a digiri yachiwiri amafunsa chaka chilichonse labweranso: popeza tili ndi avereji ya kutentha m'kabokosi kalikonse ka mesh (timabokosi tomwe kompyuta imagawamo malo a lawi), bwanji osangoiika mu lamulo la Arrhenius, lomwe limalumikiza kutentha ndi changu cha reaction, n'kupeza liwiro la reaction? Ndinawapatsa masamu awa kuti achite pamanja. Tengani reaction yomwe liwiro lake limatsata exp ya minus 20,000 kugawa ndi T, yomwe ndi kutentha. Tiyerekeze kuti pamalo ena kutentha kumakhala 1000 K theka la nthawi ndi 2000 K theka linalo. Avereji ndi 1500 K. Werengani liwiro pa 1500 K, kenako werengani pa 1000 K ndi pa 2000 K padera n'kutenga avereji ya awiriwo. Yankho lachiwiri limaposa loyamba pafupifupi ka 14. Pafupifupi kuyaka konse kumachitika panthawi yotenthayo, ndipo avereji ya kutentha siikumbuka kuti nthawi imeneyo inalipo. Kalasi inakhala kaye chete, kenako mafunso anayamba kugwa ngati momwe ndimafunira. Nkhani yonse ya turbulent combustion yagona pamenepa: avereji ya liwiro la reaction siingapezeke kuchokera ku avereji ya kutentha ndi ya mipweya.

Njira yomwe tayamba nayo ndi ya flamelet, ya Norbert Peters wa ku Aachen, yomwe anaifotokoza bwino mu 1984. Ganizo lake ndi lakuti ma reaction ndi achangu kuposa kusakanikirana, choncho malo oyaka ndi opyapyala kwambiri, ndipo lawi la turbulence lingaonedwe ngati timalawi tabata tambirimbiri tomwe akamvuluvulu a mpweya akutipinda ndi kutikoka. Zikatero chemistry yonse ingawerengedwe kamodzi, kusungidwa mu tebulo, n'kumaitanidwa pogwiritsa ntchito manambala ochepa. Yoyamba ndi mixture fraction, Z, yomwe imanena gawo la mpweya wa pamalopo lomwe linachokera m'paipi yapakati: 1 pakamwa pa paipi, 0 kunja. Pa malawi awa gasi ndi okosijeni zimakwanirana ndendende pa Z ya 0.351, pomwe methane wosasakaniza ikanakhala cha pa 0.055. Tikuwerenga Z motsata njira ya Robert Bilger chifukwa deta ya Sandia inawerengedwa motengera njira imeneyo, ndipo kuyerekeza ma Z awiri owerengedwa mosiyana kumabweretsa kusiyana komwe kulibe m'lawi.

Nambala yachiwiri ndi scalar dissipation rate, yomwe imayeza changu cha kusakanikirana. Aliyense amene anauzirapo moto amaidziwa: kuuzira pang'ono kumaukoleza, kuuzira mwamphamvu kumauzimitsa, chifukwa kutentha kukuchotsedwa msanga kuposa momwe ma reaction angakubwezeretsere. Tawerenga timalawi tambiri, kukweza nambalayi pang'onopang'ono mpaka kalawi komaliza katazima. Kagwedegwede ka Z tikukaimira ndi beta PDF, masamu onena kuti Z iliyonse imapezeka kangati pamalopo, ndipo ma avereji onse ndi a Favre, olemeredwa ndi density, poti mpweya wotentha m'lawi umapepuka kangapo poyerekeza ndi wozizira.

Epulo

Lawi D layaka pa kompyuta. Kutentha kwa pakati pa jeti kukukwera bwino n'kufika pachimake cha pa x/d ya 45 (mtunda wochokera pakamwa pa paipi wokwana kukula kwa paipiyo ka 45), pafupi ndi pomwe deta ikuonetsa, ndipo CO2 ndi H2O zikutsatira. Gulu lasangalala, inenso ndasangalala. Wophunzira wa gawoli anafuna kuyamba kulemba kuti modelo yatsimikizika. Ndamupempha adikire kaye tione madontho.

Meyi

Mwezi uno ndiwo wasintha njira ya ntchito yonse, choncho ndilemba mwatsatanetsatane.

Ubwino waukulu wa deta ya Sandia ndi wakuti sanangosunga ma avereji. Kuwomba kulikonse kwa laser kuli ndi mzere wakewake: Z yakuti, kutentha kwakuti, CO wakuti, OH wakuti. Ukajambula kutentha moyang'anizana ndi Z pa x/d ya 15, umapeza mtambo wa madontho. Pa lawi D madonthowo amaunjikana pamzere umodzi wokwera kufika pafupi ndi Z ya 0.351 n'kutsikanso, ndi ochepa okha ogwera pansi. Pa E ogwera pansi amachuluka. Pa F mtambowo umamwazika kwambiri, madontho ambiri ali pa Z yoyenera kuyaka koma kutentha kwake kuli pansi zedi. Amenewo ndi malo omwe gasi ndi okosijeni zasakanikirana bwino koma moto palibe. Ukapita kumtunda, cha pa x/d ya 45, madonthowo amabwereranso pamzere woyaka, kusonyeza kuti zomwe zinazima zayakanso.

Modelo yathu ya steady flamelet siingatulutse madontho apakatiwo, ngakhale mesh ikhale yabwino chotani. Tebulo lake lili ndi timalawi toyaka, ndi mpweya wozizira wosayaka, basi. Kalawi komwe kali m'kati mozima kapena koyambanso kuyaka mulibemo. Tinayesa E ndi F kuti ophunzira aone ndi maso awo, ndipo modelo inatipatsa malawi athanzi ofanana ndi D, kungoti othamanga. Pa F kutentha kwa pa x/d ya 15 kunapitirira deta moonekeratu.

Apa ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri ndikamayang'anira ntchito za ophunzira. Avereji ya kutentha pakati pa jeti ya lawi D ndi mayeso osavuta. Pafupifupi modelo iliyonse yomwe yasakaniza gasi molondola imakhoza, ngakhale ya Burke ndi Schumann ya 1928 yomwe imati gasi amayaka nthawi yomweyo akangokumana ndi okosijeni. Mzere umenewo umatiuza zambiri za kasakanikidwe ndi zochepa za chemistry. Zomwe mainjiniya amafunira mamodelo amenewa ndi zina: kudziwa ngati lawi la mu injini ya ndege lizima liwiro likasintha, kudziwa CO ndi NO zomwe turbine itulutse. Zonsezo zimakhala m'madontho ogwera pansi aja ndi m'mipweya yochepa, ndipo kumeneko n'komwe modelo iyenera kufunsidwa mafunso.

Tasankha kusamukira ku njira ya flamelet yokhala ndi progress variable, ya Charles Pierce ndi Parviz Moin ya 2004. M'malo mosankha kalawi potengera scalar dissipation rate, timanyamula nambala ina, C, yomangidwa kuchokera ku zotsalira za kuyaka monga CO2 ndi H2O, yokhala ndi equation yakeyake. Tebulo limaphatikiza timalawi tonse, toyaka bwino, tapakati tosakhazikika, mpaka tozimiratu. Motero kabokosi ka mesh kangathe kukhala pa Z yoyenera kuyaka koma C yotsika, n'kukwera pang'onopang'ono mpweya wotentha ukakafikira. Vuto lomwe tikulimbana nalo pano ndi kusankha C yomwe imakwera mosabwerera m'mbuyo pa timalawi tonse. Kumbali yochuluka gasi, CO2 yekha sakwanira, ndiye tikuyesa kuwonjezera CO ndi H2. Tinakambirananso za transported PDF ya Pope, yomwe imawerenga ma reaction mwachindunji ndipo inaonetsa kale kuti imatha kutsata kuzimazima kwa malawi omwewa. Ndi njira yabwino, koma makompyuta omwe tili nawo sangaisenze pamodzi ndi LES, njira yowerenga akamvuluvulu aakulu a mpweya mwachindunji.

Pa NO: tapeza yochuluka kuposa deta. Zifukwa ziwiri ndi zodziwika. Njira ya Zeldovich, imodzi mwa njira zomwe NO imapangikira, imadalira kutentha kwambiri, makamaka kupitirira 1800 K, choncho kunyalanyaza kutentha komwe CO2 ndi H2O zimataya ngati radiation kumakweza NO. Chachiwiri, GRI-Mech 3.0 imadziwika kuti pa malawi awa imatulutsa NO yambiri ya njira ina, ya Fenimore, kuposa GRI-Mech 2.11. Taika radiation, ndipo tiyendetsa ma mechanism onse awiri kuti tione gawo la chilichonse. NO imapangika mochedwa, ndiye ifunika equation yakeyake m'malo moiwerenga mu tebulo.

Juni

Tayamba LES. M'kalasi ndinafotokoza chifukwa chomwe sitingangowerenga chilichonse mwachindunji. Malinga ndi ganizo la Kolmogorov la 1941, akamvuluvulu aakulu amasweka kukhala ang'onoang'ono mpaka viscosity, kukhulana kwa mpweya wokhawokha, itawameza, ndipo kusiyana kwa wamkulu ndi wochepetsetsa kumakula ngati nambala ya Reynolds pa mphamvu ya 3/4. Mbali zitatu zikatengedwa, timabokosi tofunika timakula ngati mphamvu ya 9/4. Kuika 22,400 m'menemo kumapereka mabiliyoni angapo, chemistry isanalowe. LES imawerenga akamvuluvulu aakulu n'kuyerekeza ang'onoang'ono okha. Tikugwiritsa ntchito modelo ya Smagorinsky ya 1963 ndi njira ya Germano ya 1991 yomwe imadzipezera konstanti yake pamene simulation ikuyenda.

Chomwe LES siichotsa ndi chakuti kuyaka kumachitika pamiyeso yaing'ono kuposa kabokosi ka mesh. Tebulo ndi PDF zikufunikabe, kungoti tsopano zikugwira ntchito m'kati mwa kabokosi.

Zovuta za mwezi uno ndi za manambala. Ma scheme omwe amateteza Z kuti isapitirire 0 ndi 1 amasalaza zinthu, ndipo kusalazako kumakhala ngati kusakanikirana kowonjezera komwe sitinakufune. Pafupi ndi kamwa la paipi, pomwe jeti ikukhudzana ndi pilot, mesh yathu yoyamba inali yokhakhala ndipo jeti inachedwa kusweka. Taiwonjezera timabokosi pamenepo, zomwe zafupikitsa time step chifukwa nambala ya Courant, yomwe imanena timabokosi tomwe mpweya umadutsa pa time step imodzi, iyenera kukhala pansi pa 1. Polowera pakufunikanso turbulence yosintha ndi nthawi, choncho paipi ija tikuiyendetsanso ndi LES n'kusunga zotuluka zake. Ndaletsa kutenga ma avereji simulation isanakhazikike; kumtunda kwa lawi mpweya umayenda pang'onopang'ono ndipo ma avereji ake amachedwa kukhwima kuposa a pafupi ndi paipi.

Zithunzi za LES ndi zokongola, ndipo ophunzira a chaka chachitatu anazikonda nditawaonetsa. Pa mayeso awo ndinaikapo chithunzi chimodzi chotere n'kufunsa kuti atchule zomwe angafune kuona asanachikhulupirire. Ambiri anatchula mesh, polowera, ndi deta yoyerekezera nayo. Ena anafika mpaka pofunsa kagwedegwede, osati avereji yokha. Mayankho amenewo anandisangalatsa kwambiri.

Julayi

Pomwe tili: lawi D pa LES ndi tebulo latsopano likugwirizana bwino ndi deta pa liwiro, pa Z ndi kagwedegwede kake, ndi pa kutentha. CO kumbali yochuluka gasi idakali yokwera pang'ono. Pa E madontho ogwera pansi ayamba kuoneka pa x/d ya 7.5 ndi ya 15, ngakhale ndi ochepa poyerekeza ndi a Sandia, ndipo lawi lathu likuyakanso msanga. Ndikuganiza kuti chifukwa chake ndi momwe tikuimira kagwedegwede ka C m'kati mwa kabokosi: pano tikukatenga ngati kulibe, zomwe zimakokomeza liwiro la kuyaka pamalo ozimazima. Wophunzira mmodzi watenga funso limeneli ngati mutu wa thesis yake.

F sitinaiyambe pa LES. N'zodziwika kuti lawi limeneli limamva kwambiri kutentha kwa pilot, moti kusintha kochepa, kosapitirira kukayikitsa kwa kuyeza komweko, kumasintha kuchuluka kwa kuzima. Choncho sitidzayendetsa simulation imodzi n'kusankha kutentha komwe kwatikomera. Tidzayendetsa pa 1880 K, pamwamba pake pang'ono ndi pansi pake pang'ono, n'kuonetsa zonse zitatu pambali pa deta.

Anzathu ena afunsa ngati tebulo lomweli lingagwire pa haidirojeni. Pakali pano ayi. Timalawi tathu tawerengedwa potengera kuti kutentha ndi mamolekyu onse zimafalikira pa liwiro limodzi, nambala ya Lewis ya 1, zomwe zimagwira bwino pa methane mu turbulence yamphamvu chonchi. Haidirojeni ndi wopepuka, amafalikira msanga kuposa kutentha, ndipo zimenezi zimasintha maonekedwe a lawi lenilenilo. Imeneyo ndi ntchito ya chaka chamawa.

Mwezi wamawa tiyendetsanso E pa mesh ya timabokosi ting'onoting'ono kuposa yapanoyi popanda kusintha china chilichonse, kuti tisiyanitse vuto la mesh ndi la modelo tisanakhudze C. Mesh ya F ikonzedwa nthawi yomweyo, ndipo zolemba za kosi ya digiri yachiwiri zilandira mutu watsopano wa kawerengedwe ka madontho a kutentha ndi Z, pogwiritsa ntchito deta ya D, E ndi F pa x/d ya 15.